Kabokosi ka Machesi ka Apongozi Anga

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala. Munazimva mokwanira kwa azakhali anu, ngakhale theka la zimene anakuuzani n'zothira mchere. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Mutu uno ndaulemba kaŵiri n'kuung'amba kaŵiri, chifukwa ukunena za ntchito yanga ya mu labu ndi za imfa ya agogo anu aNambewe, amayi a amayi anu, ndipo muli chinthu chimene sindinauzepo munthu aliyense.

1981, kufupi ndi Kasakula

Ntchito ndinayambira pa kachipatala kena kumapiri a ku Ntchisi. Chimene ankachitcha labu chinali chipinda chosungiramo makasu ndi matumba a simenti. Ndinasesa ndekha, n'kuika tebulo pansi pa zenera, n'kukhazikapo maikulosikopu yakale ya kalilole. Magetsi kunalibe, choncho makinawo ankadalira dzuwa. Nkhungu ikatsika m'mapirimo, ine ndi odwala tinkangoyang'ana kumwamba.

Ntchito yanga inali kuyeza magazi, mkodzo, makhololo ndi chimbudzi, koma anthu anangogwirapo chomalizachi. Pamsika ankanditcha dokotala wa chimbudzi, ndipo ana ankagwira mphuno ndikamadutsa. Timabotolo totengera chimbudzi tinkabwera mwa apo ndi apo, ndiye tinkauza wodwala kuti apeze kabokosi ka machesi kopanda kanthu, apite kuseri, aikemo pang'ono ndi kamtengo. Ine ndinkalandirira pa zenera, kulemba dzina pa kabokosiko, kupaka pa kagalasi ndi dontho la madzi amchere, n'kuyang'ana.

Bwana wanga woyamba anali Bambo Kamtedza, mthandizi wa dokotala amene anthu onse ankangowatcha adokotala. Anali achikulire, aukali, ndipo ankavala tayi ngakhale popita kukatunga madzi. Sabata yanga yoyamba anabwera kudzasuzumira m'makina mwanga, ataŵerenga pepala limene ndinalemba.

"Walemba kuti mazira a njoka za m'mimba. Basi?"

"Ndi zimene ndaona, bwana."

"Kuno aliyense ali ndi mazira a njoka, ngakhale abusa. Munthuyu anadya chiyani dzulo? Magazi alimo? Iwe mnyamata, ine ndimamva zimene wodwala wafuna kundiuza. Iwe umaona zimene sanganene. Ukalemba zopereŵera, wandimanga m'maso."

Ndinawada mwezi wathunthu, kenako ndinaphunzira. Pomatha zaka zitatu ndinkatha kuuza munthu kuti dzulo anadya nyemba kapena mfutso, ndipo ndinkanyada nazo. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi amayi anu, Feliya, atabwera kudzadwazika msuweni wawo. Iwo okha ndi amene sanagwire mphuno.

1994, kufupi ndi Chisepo

Chaka cha chisankho cha zipani zambiri anandisamutsira ku Dowa, pa kachipatala kamene kanali mtunda wa maola aŵiri wapansi kuchokera kumudzi kwa amayi anu. Tinasangalala. Dziko nalo linali pa chisangalalo: anthu ankatsutsana pamabenchi a odwala popanda kucheuka, ndipo aliyense ankati tsopano pakamwa patseguka. Koma mashelefu a mankhwala ndiwo anali mbee. Timagalasi ndinkatsuka n'kugwiritsanso ntchito mpaka titachita mizeremizere. Bwana wanga watsopano, Bambo Mwale, anali munthu wabwino koma wotopa. Mzere unkayambira pakhomo pawo kukafika pa mtengo wa mango, ndipo pepala langa likafika, ankangoliŵerenga, kulemba mankhwala, n'kuitana wina. Sanabwerepo kudzasuzumira m'makina mwanga. Ankandikhulupirira.

Inu okulirapo agogo anu mumawakumbukira ngati mayi woonda wogona pa mphasa. Sanali otero. Anali mayi wamtali, wa mawu aakulu oimbira nyimbo kumpingo, amene analima fodya okha kuyambira pamene agogo anu aamuna anamwalira. Ndipo anali osunga mwambo. Ine ndinali mkamwini, iwo apongozi, choncho tikakumana panjira ankapatukira m'munda, kugwada atayang'ana kumbali, n'kupereka moni wapansipansi. Pa zaka khumi ndi zitatu sindinawaonepo akudya. Zofuna kundiuza zinkadzera mwa amayi anu. Musaganize kuti panali chidani. Mtedza woyamba kukumbidwa unkabwera kwathu m'lichero, ndi uthenga wakuti, "Uwu ndi wa abambo a Madalitso, ana asayambe ndiwo." Ankandikonda, ndipo ine ndinkawakonda. Kungoti chikondi chathu chinkayenda mozungulira.

Seputembala 1995

Agogo anu anabwera kuchipatala m'maŵa wina ndi mnzawo wa kumpingo, aNachisale, mayi wamfupi wokonda kuseka. Anauza Bambo Mwale kuti m'mimba mukupota, thupi likufooka, ndipo masiku ena akutsegula, masiku ena akudzimbidwa. Bambo Mwale analemba kapepala n'kuwalozera zenera langa. Sanaganize n'komwe kuti zeneralo ndi la mkamwini wawo, ndipo labu ina kunalibe.

Kabokosi kanabwera ndi aNachisale. Anagwada pansi pa zenera n'kukakweza ndi manja aŵiri.

"Katundu wa apongozi anu uyu, adokotala. Eni ake manyazi awagwira, akhala uko."

Ndinayeza, n'kupeza mazira a njoka zoyamwa magazi, ochuluka ndithu. Mtima unakhala pansi. Mwamwayi mapiritsi a njoka analipo mwezi umenewo, ndipo madzulo ndinauza amayi anu monyadira kuti matenda a amayi awo ndawapeza ndine, achira posachedwa.

Novembala 1995

Amayi anu anapita kumudzi n'kubwerako nkhope itagwa. Nthaŵi imeneyo anali ndi pakati pa iwe Tamanda. Anati amayi awo sakusintha, atha masabata atatu akungomwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi, ndipo anawaululira kuti akapita kuseri akuona magazi. Ndinati abwerenso.

Anabweranso aŵiri omwe aja, ndipo kabokosi kanadzeranso m'manja mwa aNachisale. Dzuwa linali labwino tsiku limenelo, sindingalinamizire. Nditasuzumira ndinaona timakoko ta nyemba. Ndinaona gaga wa chimanga chokazinga. Magazi munalibe ngakhale kadontho. Mazira a njoka analimo, koma ochepa. Ndinapaka kagalasi kachiŵiri, n'kupeza zomwezo. Munthu womwa phala lokha masabata atatu sangatulutse nyemba.

Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana pa zenera. Pansi pa mango paja apongozi anga anali atatsamira tsinde, atafunda chitenje kumutu. Pambali pawo aNachisale ankamasula kansalu, kutapamo chimanga chokazinga, n'kumaponya m'kamwa.

Ndinadziŵa pomwepo. Agogo anu sakanatha kupereka chimbudzi chawo kuti mkamwini achiyang'ane, ndiye mnzawo ankawapitira kuseri. Njoka zimene ndinapeza mu Seputembala zinali za aNachisale.

Ndinakhala ndi cholembera m'manja nthaŵi yaitali. Kunena kunali kutcha apongozi anga abodza, ndiponso kukamba za kuseri kwawo pamaso pa bwana wanga ndi mzere wonse uja. Ndinaganiza zouza amayi anu madzulo, koma ndinaopa kuwasokoneza ali ndi pakati, komanso sindinadziŵe poyambira. Kunena zoona, manyazi amene anawagwira iwo anandigwiranso ine. Ndinalemba kuti mazira a njoka ochepa, magazi palibe. Chilembo chilichonse chinali choona, ndipo pepala lonselo linali bodza.

Bambo Mwale analiŵerenga n'kunena kuti, "Aa, mankhwala aja akugwira ntchito. Abwereze." Anaitana wina.

Ndinadziuza kuti ndipeza njira mvula ikagwa, anthu akadzala. Atadzala ndinati tipalire kaye. Kenako unabadwa iwe Tamanda, pakhomo panadzaza anthu, ndipo agogo ako sanabwere kudzakuona, anangotumiza ufa. Masiku onsewo dziko linkalankhula chilichonse chimene lafuna pa wailesi ndi m'misika, ine ndili duu ndi mawu anga ochepa.

Malichi 1996

Chinandidzutsa ndi maliro a m'mudzi mwa apongozi anga. Ndinawaona patali ali pakati pa amayi anzawo, chitenje chitawazungulira kaŵiri, ndipo nyimbo itayamba mawu awo aja sanamveke. Loŵeruka lotsatira ndinakwera njinga m'maŵa, osauza amayi anu kumene ndikupita. Njira yonse ndinkaganiza zobwerera. Mkamwini amene walankhula zotere ndi apongozi ake, mudzi wonse umamutenga ngati wopanda mwambo, ndipo amayi anu ndi amene akanasenza manyaziwo.

Ndinawapeza m'chigafa, atakhala pansi akusoka fodya. Ataona njinga anafuna kudzuka kuti apatuke, koma analephera, ndiye anangotembenuka. Ine ndinanjuta kunja, pakati pathu pali mizere ya fodya wopachika, moti ndinkangoona mapazi awo. Tinapatsana moni.

"Amayi," ndinatero, "mundikhululukire, lero ndilumpha malire. Ndabwera ndekha chifukwa nkhaniyi siyotuma munthu."

"Ana ali bwanji kunyumba?"

"Ali bwino. Amayi, kabokosi kaja sikanali kanu."

Singano inaima. Ndinamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa chigafa.

"Wakuuzani ndani? Nachisale pakamwa pake!"

"Sanandiuze munthu. Makina aja amaonetsa."

"Nanga mukanafuna nditani, bambo? Ine ndikupatseni zimenezo inu, m'manja mwanu? Inu amene munakwatira mwana wanga? Bola kufa."

"Simupatsa ine. Tipite ku chipatala chachikulu cha mishoni, kumene kulibe wachibale. Akakuyezani anthu osakudziŵani. Ine ndikangokhala panja."

Anaseka kaseko kofooka. "Kodi zimatheka choncho? Ine ndimayesa zonse zimabwerera kwa inu." Ndiye anawonjeza kuti, "Mapiritsi aja ndinkagaŵana ndi Nachisale, pakati n'pakati. Ndinati njokazo n'zake, asavutike nazo chifukwa cha ine. Wanenepa mnzanga."

Ana anga, mawu amene ndinanena m'chigafa muja sanatenge nthaŵi yokwana kuŵiritsa madzi a tiyi. Ndikanatha kuwanena mu Novembala.

Iwo anati tipite fodya akauma. Kwa nthaŵi yoyamba m'moyo wanga ndinawatsutsa: "Ayi amayi, Lolemba." Kunyumba ndinangouza amayi anu kuti makina athu ndi akale, n'kofunika akaonedwe kwina.

Epulo 1996

Kuchipatala kuja anawaona ndi dokotala wachinyamata, Mmalaŵi mnzathu, wofatsa polankhula. Anapapasa pamimba n'kupeza chotupa kumanzere. Anawathira magazi, ndipo patapita masiku anawachita opaleshoni. Sanachedwemo. Atatuluka, atamva kuti ndine wa mu labu, ananditengera pambali.

"Achimwene, ndi khansa ya m'matumbo. Yafika kale kuchiŵindi. Ndangokonza kuti njira isatsekeke, n'kusoka."

Ndinamufunsa kuti chinthu chotere chimayamba bwanji mwa mayi amene sanadwalepo. Anatenga pepala n'kujambula.

"Khungu la m'kati mwa matumbo limatha msanga, limasinthidwa pa masiku ochepa okha. Ndiye pansi pake pali maselo amene ntchito yawo ndi kuberekana moyo wonse wa munthu. Koma saberekana mwachisawawa. Amalandira mauthenga akuti yambani, ndi akuti lekani, ndipo m'kati mwa selo muli timapuloteni totchedwa ma enzaimu timene timakweza kapena kutsitsa mauthengawo. Zili ngati kapitawo wa pa esiteti, woimba wezulo yoyambira ndi yoŵerukira. Munthu akamakalamba dongosolo limeneli limafooka. Matumbo sadzikonzanso bwino, ndipo maselo ena samvanso wezulo yoŵerukira, amangoberekana. Kamayamba ngati kanjereŵere, n'kumakula mwakachetechete kwa zaka."

"Nanga akanabwera mu Novembala?"

Anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti anaona china pankhope panga. "Sindingalumbire. Mwina chinali chitafika kale kuchiŵindi. Mwina ayi, ndipo ndikanadula chigawocho n'kulumikiza. Zimenezo sitidzazidziŵa."

Mawu akuti mwina amenewo ndayenda nawo mpaka lero. Akanati ayi, bwenzi ndikugona tulo. Akanati inde, bwenzi ndikudziŵa dzina la mlandu wanga.

Julayi 1996

Tinawabweretsa kumudzi. Mankhwala amphamvu oletsa ululu kunalibe, tinkangowapatsa timapiritsi ta mutu, ndipo amayi anu ankawasisita msana ndi nsalu yofunda. Fodya wawo anamanga ndi alongo awo. Ine ndinkapita Loŵeruka lililonse, kukhala pansi pa mtengo, kufunsa za usiku, n'kubwerera.

Loŵeruka lina masana amayi anu anatuluka m'nyumba akudabwa. "Akuti mubwere pakhonde. Ine akuti ndipite kumadzi."

Ndinawapeza atagona pa mphasa padzuwa, atayang'ana kukhoma. Ndinakhala chapatali.

"Senderani, bambo, mawu anga safika kumeneko."

Ndinasendera. Aka kanali koyamba kukhala pafupi nawo chotero.

"Ndifunseko. Ulendo wachiŵiri uja, tili pansi pa mango. Munadziŵa, eti?"

"Ndinadziŵa, amayi."

"Ndinaona. Munasuzumira pa zenera nthaŵi yaitali. Mtima wanga unali phaphapha, ndimati lero ndiyaluka pamaso pa anthu onsewa. Koma inu munangokhala chete." Anapuma kaye. "Munandisungira ulemu, abambo a Madalitso. Akamwini a masiku ano sakanatero. Feliya anapeza munthu."

Ndinafuna kuwauza kuti ayi, amayi, musandithokoze, chete ameneyo ndi amene wakugonekani apa. Ndinangoomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira mkamwini woyamikiridwa, misozi ikugwera m'fumbi.

"Pali tambala wofiira uko, ndauza kuti akugwirireni. Ndi wanu ameneyo, ana asayambe ndiwo."

Ndinamumanga pa keliyala ya njinga. Agogo anu anamwalira Lachinayi lotsatira. Tambalayo sindinamuphe, ndipo amayi anu ankandiseka kuti ndikuŵeta nkhalamba. Anafa yekha ndi ukalamba, ndipo ndinakamukwirira kuseri kwa labu.

Polemba izi

Ndinagwirabe ntchito zaka zina khumi ndi ziŵiri. Kuyambira chaka chimenecho sindinalandirenso kabokosi m'manja mwa munthu woperekeza, ndipo mayi wachikulire akazengereza pa zenera ndinkatuma anamwino kuti akamufunse kumbali ngati pali chibale. Bambo Mwale ankati ndayamba kuvuta. Sindinawauze chifukwa chake.

Amayi anunso sindinawauze. Zoti aNachisale ankasintha kabokosi anadzazimva kwa eni ake patapita zaka, ndipo analira, kenako anaseka za mapiritsi ogaŵana aja. Koma zoti ine ndinadziŵa mu Novembala n'kulemba pepala lija, anapita kumanda osazidziŵa. Za ulendo wanga wa kuchigafa anazimva kwa amayi awo, ndipo mpaka matenda awo omaliza ankauza anthu kuti bambo awa ndi amene anathyola mwambo pofuna kupulumutsa amayi anga. Nthaŵi zonse ndinkati ndiwauza, ndipo nthaŵi zonse panali mvula, kapena kupalira, kapena mwana.

Iwe Tamanda, amene unatsata ntchito ya unamwino, unandiuza tsiku lina kuti akatswiri tsopano akuwadziŵa mayina ena mwa ma enzaimu aja, ndipo akufufuza mmene amakhudzira kukalamba kwa matumbo ndi khansa. Ndinasangalala, ndipo apitirize. Unanenanso kuti nthenda imeneyi nthaŵi zina imayenda m'magazi a banja, ndiponso kuti ikapezeka msanga imadulidwa. Pamenepo ndi pamene ndinatuluka panja, iwe n'kumaganiza kuti ndatopa.

Madalitso, imvi zayamba kukutuluka, ndipo azing'ono ako akukutsatira. Mukadzaona magazi, kapena m'mimba mukasintha osabwerera, musadikire kuti fodya aume. Mukapite, mukanyamule chanu, ndipo mukachipereke ndi dzanja lanu, ngakhale pa zenerapo patakhala mkamwini. Ndipo wina mwa inu akadzaona chimene mnzake akubisa, anene tsiku lomwelo, amudane. Ine ndinakhala chete, anandithokoza, n'kundipatsa tambala, ndipo Lachinayi lake tinali kufunafuna matabwa a bokosi la maliro.